Pikapu yanga patatha miyezi 16: nkhani ya kutsokomola kwa m'mawa

Achimwene ena a kutchalitchi kwathu ku Mufakose, kuno ku Harare, andifunsa dzulo ngati angagule galimoto kwa bambo amene anandigulitsa pikapu yangayi. Ndinawauza kuti adikire ndikhale kaye pansi, chifukwa yankho lake ndi lalitali.

Ndinaigula mu Febuluwale chaka chatha pa madola 8,500 a ku America. Ndi ya dizilo, injini ya malita 2.5. Ntchito yake ndi kukatenga tomato ku Mutoko kubwera naye ku msika waukulu wa Mbare Musika, kawiri pa sabata. Masipuling'i amapirira katundu, giya sinandivutitsepo, mabuleki ndasintha kamodzi. Pamenepo ndilibe mawu.

Mavuto anabwera ndi chisanu cha Juni. Ine ndimanyamuka cha m'ma 4 koloko m'mawa, nthawi imene kuzizira kwa Harare kumalowa mpaka m'mafupa. Ndikapotokola kiyi, injini inkangozungulira osalira. Ikati yalira, inkanjenjemera ngati munthu wa malungo, utsi woyera uli tolotolo mpaka aneba kutseka mazenera. Pamsewu nayonso nkhani: ndikaponda mafuta pachitunda, inkayamba yadodoma ngati ikufunsa kuti tikupitadi, kenako n'kunyamuka.

Makanika woyamba anati ndi ma heater plug, timapulagi totenthetsa m'kati mwa injini isanalire, ndipo sananame, awiri mwa anayi anali atapsa. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, ndiye kukazizira injini imadalira timapulagi timeneti. Tinasintha onse pamodzi ndi fyuluta ya mafuta. Utsi unachepa, koma kulira kunali kovutabe. Wachiwiri anatsuka EGR, kavalavu kobweza utsi wina mu injini, mwaye wake wodzaza m'manja, kenako n'kundiuza kuti ma injekita, timipopi tothira dizilo mu injini, atha, ndikonze madola 600. Usiku umenewo mayi a kunyumba anati tingoigulitsa, ndipo mumtima ndinali nditavomera kale.

Chinandipulumutsa ndi bwalo la alamu anga ku Mabvuku. Ndinagona kumeneko tsiku lina, ndipo poti pamalopo ndi potsetsereka, galimoto inagona mutu utaloza kumunsi. M'mawa kungopotokola kamodzi, yalira! Ndinakafotokozera mdala wina amene amakonza magalimoto cha ku Kaguvi Street, wobadwira konkuno koma makolo ake ndi a ku Dedza. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Bambo, ma injekita asiyeni alibe mlandu. Galimoto yanuyi ikuyamwa mpweya."

Analumikiza kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, tinailiza, ndipo ndinaona ndi maso anga tithovu tikuthamanga m'mafuta. Kampira ka pa kapampu kopopera ndi dzanja, kamene kali pamwamba pa fyuluta, kanali katang'aluka. Usiku mpweya unkalowera pamenepo, dizilo n'kubwerera ku thanki, m'mawa injini n'kumafunafuna mafuta m'paipi youma. Thanki ikakhala kumtunda, ngati kwa alamu kuja, mafuta sabwerera. Pachitunda napo injini imakoka mafuta ambiri, ndiye inkameza ndi mpweya womwe. Mutu wa fyuluta watsopano, kapaipi ndi zomangira zake zonse zinangokwana madola 45. Juni uno yalira kamodzi tsiku lililonse.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Maulendo awiri onse amene ndinapita kukaiona ndisanagule, ndinapeza injini ili yotentha kale. Ndipo tsiku lotenga, bambo aja anatsegula boneti n'kudinadina penapake, amvekere akuona madzi. Ankapopa mafuta amenewo. Ankadziwa.

Nditawaimbira, poyamba anati galimoto yoyendapo kale ndi choncho. Nditawakumbutsa za kudina kuja anafewa, n'kulonjeza kundibwezera theka la madola 310 amene ndinawononga kwa amakanika onse atatu. Patatha miyezi itatu ananditumizira madola 40 pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni.

Ndiye achimwene, galimotoyi payokha sindingaigulitse, ngakhale Julayi wathayu ndikanaipereka kwa aliyense wobwera ndi madola 6,000. Yabweza gawo lalikulu la ndalama zake. Koma ngati mukupita kwa bambo amenewo, fikani 5 koloko m'mawa osawachenjeza, gwirani injini ndi dzanja muone ngati ili yozizira, ndipo kiyi mupotokole nokha. Mukawapeza muwauzenso kuti madola 115 anga ndikuwadikirabe, poti foni yanga masiku ano sakuyankha.