Wotchi yolowa nayo m'nyanja: ya 38 mm kapena ya 44 mm?

Amene mumamira ku Cape Maclear kukaona nsomba za mbuna, tiyerekeze ziwiri izi: Seiko SKX013 ya 38 mm ndi Casio Duro ya 44 mm. Zonse zimapirira madzi mpaka mamita 200, choncho kukula sikuwonjezera kulimba.

Mtengo: Duro ndi yotchipa, imayendera batire. SKX013 anasiya kupanga, muisaka kwa ogulitsa zakale, ndipo sifuna batire.
Kuona nthawi: Duro ili ndi nkhope yaikulu, koma madzi akada ya Seiko ndiyo imawala kwambiri.
Kuvala: yaing'onoyo imabisala m'malaya. Yaikuluyo imagundagunda m'mbali mwa bwato.

Koma chimapusitsa ambiri ndi tinyanga togwira lamba tija. Tikatulukira kunja kwa dzanja, wotchi sikhazikika, ndipo ndi thukuta la Okutobala kuno ku Mangochi imangoterereka n'kutembenukira pansi.

Zungulizani ulusi padzanja, muuyeze pa rula. Osakwana masentimita 17, tengani ya 38. Kupitirira 18, kapena ngati mumaivala pamwamba pa chovala chomirira, ya 44 ikukwanani.