Kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero ku Angónia: anamwino odziwa kumasulira manambala

Mwezi watha ndinakayezetsa khansa ya khomo la chiberekero pa chipatala china chaching'ono cha m'boma la Angónia. Kuyezako sikunachedwe: amapaka viniga pa khomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi kuti aone ngati pali malo amene ayera. Chimene chandichititsa kulemba ndi phunziro limene anamwino anapereka tisanalowe m'chipinda.

Mayi wina amene amamwa ma ARV anafunsa mawu akunjenjemera kuti, "Anamwino, pa wailesi akuti ife chiopsezo chathu n'chowirikiza ka 6, ndiye kuti ine yandigwira kale?" Anamwinowo anatapa chimanga m'thumba la mayi wina n'kuunjika milu iwiri pa benchi. Pa mulu woyamba anachotsapo njere imodzi, pa wachiwiri njere 6, kenaka anatiuza kuti tiyang'ane kuchuluka kwa njere zotsalazo. Anati nambala imeneyi, yomwe ndi ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, imayerekeza magulu awiri a amayi, amene ali ndi HIV ndi amene alibe, ndipo siyinena za tsogolo la munthu mmodzi. Akatswiri ofufuza za matenda amawerenga anthu amene angopezeka kumene ndi khansa m'chaka chimodzi pa amayi 100,000 alionse, amaganiziranso zaka za amayiwo popeza khansa imachuluka ndi ukalamba, kenaka n'kuyerekeza gulu lina ndi linzake. Akatswiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, nawonso anayerekeza magulu a odwala a m'zipatala za ku London mu 1950, n'kusonyeza kuti kusuta fodya kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo, nkhani imene sitiikonda kuimva kuno kolima fodya.

Anatiuzanso kuti mitundu 16 ndi 18 ya kachilombo ka HPV imayambitsa pafupifupi khansa 70 pa 100 zilizonse za khomo la chiberekero, n'chifukwa chake kuyambira 2021 atsikana a zaka 9 amabayidwa katemera m'dziko lonse la Mozambique.

Zodandaula zilipo. Tinafika 7 koloko m'mawa koma ine ndinalowa dzuwa litapendeka, ndipo zikwangwani zonse za pakhoma zinali za Chipwitikizi, pamene ambiri mwa ife timalankhula Chichewa. Ndikanakondanso akanatiuza kuti makaundula a khansa ali m'mizinda ngati Maputo ndi Beira, kotero mayi womwalira kumudzi osafika kuchipatala salowa m'kaundula aliyense. Amene akupitako alawirire, ndipo anyamule kamba ndi chitenje choyala pansi, chifukwa benchi ndi imodzi.