Kathirakitala ka Cub Cadet kapena Farmall M: woyamba kumene agule iti?

Aliyense woyamba masewera okoketsa mathirakitala ku America amasirira zimakina za pa mpikisano waukulu wa ku Bowling Green, Ohio, zija zimasenza mainjini angapo nthawi imodzi. Zimenezo n'za mpondamatiki. Kwa ife ena pali njira ziwiri: kathirakitala kotchetchera kapinga monga Cub Cadet, kapena thirakitala yakale ya kumunda monga Farmall M.

Ntchito ndi imodzi. Mumakoka chileyi chokhala ndi bokosi lolemera lomwe limasunthira kutsogolo mukamayenda, mpaka chitsulo chapansi chitakanirira m'dothi. Wafika patali ndiye wapambana, ndipo m'mabwalo akuluakulu mtunda wathunthu nthawi zambiri umakhala mafiti 300, pafupifupi mamita 91.

Ine ndimati yambani ndi kakang'ono, makamaka Cub Cadet za kampani ya International Harvester zosintha magiya ndi dzanja, monga 100 kapena 122. Chifukwa chake chili kunsi. Giyabokosi yake inachokera ku Farmall Cub, thirakitala yolimira, ndipo mphamvu imadutsa pa shafiti. John Deere 110 ya 1963, yomwenso ndi yotchetchera kapinga, ndi yokongola ndithu, koma imayendera lamba, ndipo chileyi chikayamba kulemera lambayo amaterereka: injini ikulira, matayala ali chiimire. Injini za Kohler zomwe zili m'ma Cub Cadet, K241 ndi K301, n'za silinda imodzi. Mutha kuimasula nokha patebulo madzulo amodzi, n'kuiphunzira mkati mwake.

Chomwe kathirakitala aka kamakuphunzitsani ndi kuyika zolemera. Mukaunjika zitsulo kumbuyo, mphuno imadzuka n'kukhalira timatayala ta kumbuyo totchinjiriza kuti kasagwe chagada, chiwongolero osamvanso. Mukazipititsa kutsogolo, matayala akumbuyo amangokumba dzenje. Mumasuntha chitsulo chimodzi, mumaphwetsako mpweya pang'ono, mumagwada n'kufinya dothi m'manja kuti mumve chinyezi. Cholakwika apa sichidya ndalama zambiri.

Farmall M, yomwe inapangidwa kuyambira 1939 mpaka 1952, ili ndi ulemu wake, ndipo sindingainyoze. M'magulu a mathirakitala akale nthawi zambiri amaika malire a liwiro, choncho mpikisano umakhala wodekha, wa luso pa kilatchi ndi mabuleki. Zipangizo zake zikupezekabe. Vuto ndi kulemera: imaposa matani 2. Musanaigule, ganizirani za ngolo yoinyamulira, galimoto yokoka ngoloyo, ndi pogona pake m'nyengo ya chisanu. Ambiri amawerengera mtengo wa thirakitala yokha, n'kudzadzidzimuka pa tayala limodzi lakumbuyo. Cub Cadet imakwera pa pikiapu wamba.

Amene muli kale ndi famu, shedi ndi ngolo, tengani M, mudzasangalala nayo. Koma iliyonse mwa ziwirizi, pezani kaye buku la malamulo la kalabu ya kwanuko musanawotcherere kanthu, chifukwa kutalika kwa pokolekera tcheni amachita kuyeza, ndipo kukapitirira malire amakubwezani musanakoke n'komwe.