Thanki ndi yabwino, koma chivundikiro chake chinatsala pang'ono kundiphera mkunga

Thanki yowetera nsomba iyi ya malita 450 ndakhala nayo miyezi isanu tsopano, ndipo chimene chandilembetsa ndemangayi ndi chivundikiro. Sichitseka. Tsiku logula ndinafunsa kawiri konse ngati chimatseka bwino. Ndinamuuza mnyamata wa pa kauntala kuti iyi ndi thanki yanga yachiwiri ya madzi amchere, kuti yoyamba ija muli tinsomba ta clownfish ndi tishrimp, ndipo iyi ndikufuna nsomba zodya zinzake, kuyambira ndi mkunga wa mtundu wa snowflake. Amene anawetapo mkunga akudziwa kuti pamene mutu walowa, thupi lonse limadutsa. Iye anangogogoda chivundikirocho ndi chala n'kunditsimikizira kuti palibe potulukira. Ndinamukhulupirira.

Kumbuyo, pamene mapaipi amatsikira ku sump, kathanki kapansi kosefera madzi, pali mpata wolowa zala ziwiri. Thanki ikatsamira khoma mpatawo suoneka. Kwa milungu itatu mkunga unkakhala bwinobwino, masana kubisala m'miyala, madzulo kutulutsa mutu kufuna chakudya. Ndiye usiku wina nditadzuka kukamwa madzi ndinamva chinthu chikukwekwereza pansi. Kuyatsa getsi, m'thanki mulibe. Kusuzumira kuseri kwa kabati, ndi uwo uli gone, khungu lauma, fumbi lamatirira thupi lonse. Mtima unangoti myuu. Ndinathamangira thaulo, kulinyowetsa ndi madzi a m'thanki momwemo, kuunyamula mosamala chifukwa mkunga ukachita mantha umaluma, n'kuubwezera m'madzi. Unamira ngati chingwe n'kukagona chammbali pa mchenga. Ndinakhala pampando mpaka kucha, maso ali pa kamwa lake, kuti ndione ngati likutsegukabe ndi kutsekeka. Thelezi la pakhungu linayamba kusupuka ngati nsanza. Masiku 12 sunadye kanthu. Tsiku la 13 unatulutsa mutu n'kutsomphola kachidutswa ka shrimp pa kamtengo kodyetsera, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga.

Kutacha usiku wa ngozi uja ndinaimba foni. Anayankha mnyamata yemwe uja, n'kundiuza mosachita manyazi kuti chivundikirocho ntchito yake ndi kuchepetsa madzi ouluka ngati nthunzi, osati kutsekereza nsomba. Nanga bwanji sananene zimenezo pamene ndinkafunsa? Ndi yemweyu amene ankandikakamiza kuti nditengeretu lionfish, nsomba yolusa ya minga yaululu, tsiku lomwelo, thanki ikadali m'katoni. Thanki yatsopano imafuna milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti mabakiteriya amene amasandutsa ammonia, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba, kukhala nitrite, kenako nitrate, akhazikike. Kuponyamo nsomba yodya nyama zimenezi zisanachitike n'kuipha. Anandionetsanso kamwana ka panther grouper, koyera ka madontho akuda, kokongola ndithu, osatchula n'komwe kuti nsomba imeneyi imakula kupitirira theka la mita ndipo m'thanki iyi singakwane. Ine ndinakana chifukwa thanki yoyamba inandiphunzitsa kale. Koma munthu woyamba kumene akanatuluka m'menemo ndi thumba la nsomba zokafera kunyumba, ndipo zimenezi zimandipwetekabe mtima.

Skimmer yobwera limodzi ndi thanki, chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi, nayo ndi yaing'ono. Pa katoni analemba kuti ikwana malita amenewa, mwina kwa woweta tinsomba ting'onoting'ono. Nsomba zolusa zimadya nyama, zimasiya zotsalira, zimachita chimbudzi chambiri. Ndi mkunga umodzi wokha nitrate inayamba kukwera, ndipo ndinagula skimmer ina yaikulu. Pa mtengo umene ndinagulira thankiyi, sindinayenere kutulutsanso ndalama ina mwezi wachiwiri womwe.

Komabe ndisanamizire thanki yeniyeniyo. Galasi ndi lochindikala, silikoni anamata mwaukhondo, ndipo palibe ngakhale dontho limene ladontha. Madzi okha a m'thanki imeneyi amalemera makilogalamu oposa 450, ndiye mukaphatikiza miyala, mchenga, galasi ndi sump mwadutsa theka la tani, koma kabati yake sinapindike pena paliponse. Pampu siisokosa, munthu ukhoza kugona m'chipinda chomwecho. Hita imasunga madzi pa madigiri 25 osasinthasintha. Mchere ndimausunga pa 1.024 pa choyezera mchere wa m'madzi, ndipo pamenepa chivundikiro chija chimathandizadi, chifukwa madzi sauma msanga. Ndikamaiyang'ana madzulo magetsi a buluu atayaka, mkwiyo umatsika.

Nditalemba kalata yodandaula, anandiimbira ndi mayi wina wa pasitolo pomwepo. Anayamba n'kupepesa, kenako n'kufunsa za mkunga, osati za lisiti. Ananditumizira ka neti ndi kapulasitiki kodula molingana ndi mpata uja, ulere. Tinacheza nthawi yaitali za nsomba zimene ndikufuna kuwonjezera. Mayiwa ndi amene anandiletsa triggerfish, poti zambiri zimaluma zipsepse zazitali za lionfish. Anandikumbutsanso kuti ndisazolowetse lionfish kudya ma goldfish amoyo, chifukwa ali ndi thiaminase imene imawononga vitamini B1, ndipo kuti ndiiphunzitse pang'onopang'ono kudya nyama ya m'nyanja ya mchere yosungidwa mufiriji. Akanakhala iwowa pa kauntala tsiku lija, ndemangayi ikanakhala ya nyenyezi zisanu.

Panopa dwarf lionfish yanga ili m'kathanki kapadera, ikhala milungu inayi ndikuiyang'anira ngati ili ndi timadontho toyera ta matenda. Ndasankha yaing'onoyi chifukwa sifika masentimita 20, pamene lionfish ya mtundu wa volitans imapitirira 30. Minga yake ili ndi ululu chimodzimodzi, choncho ndagula zopanira zazitali kuti dzanja lisamalowe m'madzi wambawamba. Ma clownfish ndi tishrimp akhala kwawo m'thanki yoyamba, poti chilichonse chokwana m'kamwa mwa lionfish chimamezedwa.

Ndapereka nyenyezi zitatu. Mukagula thanki iyi kuti muwetemo mkunga, musanathire madzi yendetsani chala m'mbali monse mwa chivundikiro, makamaka kumbuyo kwa mapaipi, n'kutseka mpata uliwonse. Changa ndachitsekera ndi neti ija, ndaikaponso cholemera pamwamba, koma mpaka lero ndikadzuka usiku ndimayamba ndasuzumira kuseri kwa kabati.