Madala a ku Magaba anditalikitsira tailstock ya ka lathe kanga

Abale amene muli ndi timakina tija ta lathe tosemera zitsulo ta ku China ta saizi ya 7x14 mukulidziwa vuto lake. Tailstock yake, chigawo chija cha kumapeto kwa makina chimene chimagwira dirilo nkuikankhira pa chitsulo, imayenda pang'ono zedi, ndiye ukaika chuck, chomangira dirilo chija, ya mpini wa saizi ya MT2, kamchira ka mpiniwo kamagunda sikuluwu mkatimo nkudyanso mamilimita ena usanayambe nkomwe kuboola. Ine ndimapanga mabushi ndi timashafiti ta mapampu kuno ku Highfield ku Harare, bowo la mamilimita 80 limanditengera nthawi yoti ndikanapanga atatu, kuboola pang'ono, kumasula nati ndi sipanala, kukankha tailstock yonse, kumanganso, kuboolanso, mpaka dzanja kuwawa.

Mnzanga ndiye anandilozera kwa madala ena ake ku Magaba ku Mbare, makolo awo anachokera ku Dedza ndipo Chichewa amachiyankhula ndithu ngakhale chimasakanikirana ndi Chishona apo ndi apo. Ndinapita nditaikulunga tailstock ija m'thumba la ufa pa kombi. Ine maganizo anga anali oti angondipangira sikuluwu yaitali basi, koma iwo atangoimasula anaigwira quill ija, kachitsulo kamphako kamene kamatuluka mu tailstock nkukankha dirilo, nkunena kuti mwana wanga ukatalikitsa sikuluwu yokha ichi chizituluka kwambiri, chotsala mkati chichepa ndiye dirilo izigwedera, bowo lako lizipita kumbali. Apa mpamene ndinadziwa kuti ndafika pa munthu wodziwa ntchito.

Anasema quill yatsopano yaitali, taper yake ya MT2, bowo lija lopita licheperachepera lolowamo mpini wa chuck, anamalizitsa ndi reamer, chitsulo chosalazira bowo, ndipo anandionetsa popaka inki yabuluu pa arbor, mpini uja wa chuck, nkuzunguza, inagwira ponseponse osati kumutu kokha. Sikuluwu anadula ina ya mazinga a kumanzere monga yakale ija kuti ukapukusa chogwirira kumanja izipitabe kutsogolo, kamsewu kaja kamene kamaletsa quill kuzungulira anakatalikitsanso, kumbuyo anaikako bushi yoti chogwirira chikhale patali pang'ono. Kamchira ka arbor yanga anakadulako, anasiya poti sikuluwu izithabe kuikankha ikabwerera mmbuyo.

Chomwe chinandivuta ndi nthawi. Anati masiku atatu koma inatha sabata ziwiri, mwina magetsi kulibe mwina apita kumaliro, foni sayankha, ine makasitomala akundivutitsa kunoku. Komanso manambala aja oonera kuya kwa bowo sanalembe pa quill yatsopanoyi moti panopa ndikugwiritsa ntchito rula, ndidzabwerera kuti akandilembere.

Koma ntchito yokha ayi ndilibe nayo mawu. Dzulo ndaboola bushi ya mkuwa ulendo umodzi osasuntha tailstock, ndinkangobweza dirilo kuchotsa zinyenyeswa nkupitiriza, ndipo inatulukira pakati penipeni mbali inayo. Mukamapita mutenge tailstock yonse ndi chuck yanu yomwe, amafuna kuyezera pa chinthu chenichenicho, ndipo muwauze za manambalawo ntchito isanayambe.