Kusunga masamba a pa intaneti mu Chrome: ubwino wake ndi pamene pamaperewera

Mu Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ya pa mafoni a Android muli kabatani kooneka ngati muvi woloza pansi, kamene kamapezeka munthu akadina timadontho titatu tokhala pakona ya kumanja, ndipo ntchito yake ndi kusunga tsamba lonse limene mwatsegula kuti mudzaliwerenge nthawi ina popanda netiweki. Kampani ya Google inaika njirayi m'pulogalamuyi mu 2016, koma mpaka pano anthu ambiri saidziwa, ndipo amangojambula zithunzi za sikirini zambirimbiri akafuna kusunga nkhani. Ndaigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali, makamaka pa nkhani zazitali za ulimi, zaumoyo ndi zamaphunziro, ndipo ndikuona kuti ndi yothandiza kwambiri kwa ife amene timagula bandulo yokhala ndi tsiku lothera, ngakhale kuti ili ndi malire amene munthu ayenera kuwadziwa asanaidalire.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti sivuta. Simufunika kulembetsa dzina kulikonse, simufunika kuika pulogalamu ina m'foni imene mwina malo ake ndi ochepa kale, ndipo simulipira kanthu kupatula deta imene mwagwiritsa ntchito potsegula tsambalo. Mukadina kamuvi kaja, mawu, zithunzi ndi maonekedwe a tsambalo zimalowa m'fayilo imodzi ya mtundu wa MHTML, ndipo mumaipeza pa mndandanda wolembedwa kuti Downloads. Mukalitsegula muli kumudzi kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo, kapena muli m'basi pa ulendo wautali, tsambalo limaoneka pafupifupi mmene linalili tsiku limene munalisunga, ndipo pamwamba pamaoneka chizindikiro chokudziwitsani kuti mukuwerenga chosungidwa. Mawu amakhalabe mawu enieni, kutanthauza kuti mukhoza kuwakulitsa, kuwakopera kapena kufufuza liwu limene mukufuna, zomwe chithunzi cha sikirini sichilola mosavuta. Wophunzira amene wapeza Wi-Fi kwa ola limodzi kusukulu akhoza kusunga zowerenga za mlungu wathunthu, ndipo amene bandulo yake ikutha usiku womwewo akhoza kusandutsa deta yotsalayo kukhala nkhani zoti adzawerenge m'malo moisiya kuti ipite pachabe. Pali chinthu china chaching'ono chimene ndimachiyamikira: netiweki ikaduka tsamba lisanatseguke, Chrome imatha kukupatsani mwayi woti idzalisunge yokha netiweki ikabwerera.

Vuto lalikulu lili pa zithunzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Masamba ambiri a masiku ano sabweretsa zithunzi zonse nthawi imodzi. Chithunzi chimabwera pokhapokha mukatsika n'kufika pamene chili. Choncho mukatsegula tsamba n'kudina kamuvi nthawi yomweyo, mukhoza kudzapeza kuti pamene panayenera kukhala chithunzi pali malo opanda kanthu. Pa nkhani wamba zimenezi sizidetsa nkhawa, koma taganizirani mlimi amene wasunga malangizo ozindikirira mbozi zowononga chimanga, kapena mwana wasukulu amene wasunga phunziro la sayansi lodalira zojambula: popanda zithunzizo, theka la phindu latayika, ndipo amazindikira zimenezi ali kale kutali ndi netiweki. Njira yopewera vutoli ndi kutsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa tsamba musanalisunge, kenako n'kuzimitsa deta ndi kutsegula chosungidwacho kuti muone ngati zonse zalowa. Ndikuona kuti pulogalamuyi ikanayenera kuchenjeza munthu za zimenezi, chifukwa palibe chimene chimasonyeza kuti tsamba lasungidwa moperewera.

Mavidiyo sasungidwa pamodzi ndi tsamba, ndipo zinthu zofuna kulumikizana, monga mafomu, mapu oyenda ndi malo ofufuzira, sizigwira ntchito. Nkhani imene inagawidwa m'masamba angapo imafunika kusunga tsamba lililonse palokha, chifukwa kudina ulalo wopita ku tsamba lotsatira kumafunanso netiweki. Zotsatsa malonda zimene zinali patsambalo nthawi zambiri zimalowa nawo m'fayilo n'kudya malo.

Tsamba losungidwa silisintha, ndipo zimenezi ndi ubwino komanso ngozi. Ndi ubwino chifukwa nkhani ikachotsedwa kapena kusinthidwa pa intaneti, inu mumakhalabe ndi mmene inalili. Ndi ngozi pa zinthu monga mitengo ya katundu, mtengo wosinthira ndalama, ndondomeko ya mayeso kapena tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira ntchito, chifukwa munthu akhoza kuwerenga zakale akuganiza kuti ndi za lero. Pa zoterezi ndi bwino kuonanso tsamba lenilenilo musanachitepo kanthu. Tiyeneranso kukumbukira kuti m'mabanja ambiri foni imodzi imadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo tsamba losungidwa kuchokera pamene munalowa ndi dzina lanu lachinsinsi limatseguka kwa aliyense wogwira foniyo, popanda kufunsanso dzinalo.

Pa nkhani yosunga zinthu kwa nthawi yaitali ndi kugawana ndi ena, kamuvi kaja sindikapatsa ulemu waukulu. Fayilo ya MHTML imatseguka bwino mu Chrome ndi mu Edge, pulogalamu ina yotsegulira masamba, koma mapulogalamu ena ambiri saiwerenga, ndipo mndandanda wa zosungidwa ukatalika mulibe njira yozigawira m'magulu malinga ndi mitu yake. Apa njira ina imene ili mu Chrome momwemo ndi imene imapambana: kudina Share, kusankha Print, kenako kusankha kuti tsambalo lisungidwe ngati PDF. Maonekedwe nthawi zina amasokonekera pang'ono, ndipo chithunzi chikhoza kudulidwa pakati pa masamba awiri, koma fayilo ya PDF imatseguka pafupifupi pa foni yamakono kapena kompyuta iliyonse, imatumizika pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, mukhoza kuipatsa dzina lomveka, kuiika pa memori khadi ndiponso kuisindikiza papepala. Mphunzitsi amene akufuna kupatsa ana ake zowerenga asankhe PDF mosakayika.

Ndiyenera kunenanso kuti Chrome siichepetsa deta potsegula tsamba koyamba. Kale inali ndi njira yotchedwa Lite mode, koma inachotsedwa mu 2022. Amene deta ikumuvuta kwambiri angapeze thandizo mu pulogalamu ina yotsegulira masamba yotchedwa Opera Mini, imene imadutsitsa masamba m'makompyuta a kampani yake kuti achepe asanafike pafoni, ndipo nayonso imasunga masamba owerenga popanda netiweki, ngakhale kuti kuchepetsako kumatha kusokoneza masamba ena. Ogwiritsa ntchito iPhone ali ndi njira yosungira masamba yotchedwa Reading List mu Safari, pulogalamu yawo yotsegulira masamba, ndipo amene akufuna zowerenga zochuluka kwambiri nthawi imodzi, monga Wikipedia yonse, aone pulogalamu ya Kiwix.

Chimene chandichititsa kuyamikira kwambiri njira zosunga fayilo m'foni mwanu ndi zimene zinachitikira Pocket. Kwa zaka zambiri anthu padziko lonse ankasunga nkhani zawo m'pulogalamu imeneyi, koma Mozilla, eni ake, anaitseka mu July 2025, ndipo ogwiritsa ntchito anapatsidwa miyezi yochepa yoti atulutse mindandanda yawo. Tsamba limene lili m'foni mwanu ngati fayilo silidalira chisankho cha kampani yoteroyo, ngakhale kuti likhoza kutayika foni ikabedwa kapena ikawonongeka, n'chifukwa chake zofunika kwambiri ndi bwino kuzikopera pamalo achiwiri. Kwa ine kamuvi ka Chrome ndi koyenera pa nkhani zimene ndikufuna kuwerenga mlungu uno kenako n'kuzifufuta, pamene malangizo aulimi, zolemba zamaphunziro ndi chilichonse chimene ndidzafune kutumizira munthu wina ndimazisunga ngati PDF.