Axolotl wanga akudya bwino tsopano, koma osati mapeleti amene ndinagulitsidwa

Alamu anga a ku Moatize andifunsa ngati kudyetsa axolotl n'kodula, poti ana awo sakuwagonetsa tulo chionereni kanyamaka m'thanki kwathu kuno ku Ulongué. Ndakhala naye miyezi yambiri ndithu, wadutsa nyengo yozizira ndi yotentha yomwe, ndiye ndili ndi chonena.

Kwa amene simukumudziwa, axolotl si nsomba. Ndi salamanda (kanyama ka m'gulu la achule kooneka ngati buluzi) wa ku Mexico, kwawo ndi m'ngalande za Xochimilco ku Mexico City kumene atsala ochepa kwambiri, ndipo amene timagulawa ndi obadwira m'mathanki. Wanga ndinamugula kwa bambo wina amene amabweretsa nsomba zokongoletsa m'nyumba kuchokera ku Joni, pamodzi ndi thanki lagalasi, sefa ya madzi, timiyala ta pansi ndi botolo lalikulu la mapeleti, timibulu ta chakudya cha nsomba. Thanki silinadonthepo. Sefa ikugwirabe ntchito ndipo sichita phokoso. Kanyamako n'kolimba, kadakula kufika pafupifupi masentimita 20.

Vuto lakhala mapeletiwo. Ndi oyandama, a nsomba zodyera pamwamba, pamene axolotl amadyera pansi. Maso ake saona bwino, chakudya amachipeza ndi fungo, ndipo satafuna: amatsegula kukamwa mwadzidzidzi n'kukoka chakudya ndi madzi omwe. Ndiye kuti apeze peleti ankakwera pamwamba, kuphonya, kumeza mpweya, kenako n'kumayandama chammbali mchira uli m'mwamba akulephera kutsika. Mapeleti otsala ankafewa, kusungunuka, n'kuwolera m'makona. Madzi ankachita mbuu ndi kafungo, ndipo timanthenga tofiira ta m'mbali mwa mutu timene amapumira tinayamba kupindikira kutsogolo, chizindikiro choti sakupeza bwino. Nditawaimbira bambo aja anati ndiwonjezere chakudya, m'mawa ndi madzulo, akuti ndi njala. Chonsecho chakudya chowola ndi ndowe ndi zimene zimadzaza amoniya m'madzi, ndipo amoniyayo amawotcha khungu ndi timanthengato. Timiyala tawo natonso ndinatichotsa, chifukwa ndi kadyedwe kokoka kaja amatimeza n'kutsekeka m'mimba. Pansi pa thanki pano palibe chilichonse.

Chimene chinatipulumutsa ndi nyongolotsi, zomwezi ana amakawedzera nsomba. Tsiku loyamba kumugwetsera imodzi pafupi ndi mphuno, anaigwira ngati amaidikirira kuyambira kale, ndipo kuyandama kuja kunatha patangopita masiku ochepa. Ndimazikumba kuseri kwa nyumba pamene pamagwera madzi ndi masamba, ndimazitsuka, zazikulu ndimazidula. Za m'minda ya mbatatesi sindizikhudza ngakhale zinenepe bwanji. Aliyense wa ku Angónia akudziwa mmene timapoperera mankhwala ndi kuthira feteleza m'minda imeneyi, ndipo khungu la axolotl ndi lopyapyala. Tinyongolotsi tofiira ta pamanyowa amatilavula, timatulutsa timadzi towawa, koma mukativiika kamphindi m'madzi otentha n'kutiziziritsa amatilandira. Mu Seputembala ndi Okutobala nthaka ikauma nyongolotsi zimalowa pansi, ndiye ndimasungiratu zina m'beseni la dothi lonyowa pamthunzi.

Muyeso wake ndi wosavuta. Ali wamng'ono amadya tsiku lililonse. Wamkulu amadya kawiri kapena katatu pa sabata, nyongolotsi imodzi yaikulu kapena ziwiri, basi. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, mimba ifanane kukula ndi mutu. Ikaposa mutu ndiye kuti mwamudyetsa kwambiri, mudumphitseni tsiku. Chimene wasiya chichotsedwe pasanathe mphindi 15. Aneba ena amandiuza kuti ndizimupatsa kapenta wa ku Cahora Bassa poti amapezeka msika uliwonse. Ayi, wouma komanso wamchere uja ndi wa ndiwo zathu, osati wa iyeyu.

Tsono alamu, chakudya si chimene chidzakudyereni ndalama. Ndi kutentha. Axolotl amafuna madzi a madigiri 16 mpaka 18, ndipo akapitirira 24 amasiya kudya n'kuyamba kudwala. Kuno kumapiri mu Juni ndi Julayi madzi amazizira okha, iye n'kumadya mosangalala. Koma Okutobala ndi Novembala ndinakhalira kusinthanitsa mabotolo a madzi oundana kuchokera mu filiji, fani ikuwomba pamwamba pa thanki usana ndi usiku, mayunitsi a magetsi akutha ngati madzi a m'dengu. Sabata ina anakana chakudya chilichonse, ndipo masiku amenewo ndikanapeza womugula ndikanamupereka pa mtengo uliwonse. Ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene kumatentha kupitirira madigiri 40, mabotolo sangakwanitse. Pamafunika makina oziziritsa madzi, amene mtengo wake umaposa wa kanyamako ndi thanki lomwe. Ndipo axolotl wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 15, kutanthauza kuti ana amene akulirawo adzapita ku sekondale inu mukulipirabe magetsi.

Mvula itagwa n'kuzizirako, mtima wanga unabwerera. Madzulo akabwera kutsogolo kwa galasi ndi kankhope kake kooneka ngati kakumwetulira, ndimaiwala za mayunitsi. Kanyamako sindikudandaula kuti ndinakagula, ndipo pa chakudya sinditulutsanso metikali ngakhale imodzi.

Chimene chikundiwawabe ndi botolo la mapeleti lija, limene lili pashelefu pafupifupi lodzaza. Ndinawapempha bambo aja kuti andisinthire ndi mapeleti omira, a nyama zodya nyama, oti ndizisunga nyongolotsi zikasowa. Anati botolo lotsegula sabweza. Patapita nthawi analemba kuti omirawo angathe kundibweretsera ulendo wotsatira, koma nditumiziretu ndalama yonse pa M-Pesa, pa mtengo watsopano. Ndawayankha kuti ndidzalipira ndikaona botololo m'manja ndi kuwerenga zolembedwa pamenepo. Mpaka lero sanayankhe.